Mutu 6: Malimu Onyezimira pa Monaro ya Bambo

1. Galimoto ya malemu

Mvula inayamba Lolemba m'mawa ndipo sinaonetse zoti ikata msanga. Shanae Viney anakankha chitseko cha galaja ndi phewa, poti chinali chitatupa ndi chinyezi, n'kuyatsa getsi.

Galimoto ija inali pomwepo pamene bambo ake anaisiya. Inali Holden Monaro yofiirira ya chaka cha 1972, yaitali, yotambalala kumaso. A Glenn Viney anaigula asanakwatire, ili chiphakasa, ndipo anatha zaka zambirimbiri akuikonza Loweruka lililonse akapuma koyendetsa malole a mitengo. Injini anaimaliza. Penti anapaka. Mipando anasoketsa yatsopano. Chimene chinatsala ndi malimu, mikombero yachitsulo ija imene matayala amavalapo. Akalewo anali atadyeka ndi dzimbiri, ndipo limodzi linali lopindika.

M'mwezi wa March a Glenn anagwa kukhitchini atagwira pamtima. Ambulansi inafika atatsirizika kale.

Tsopano munali mu June, ndipo anzawo a m'gulu la eni magalimoto akale anakonza ulendo wowakumbukira. Lamlungu likudzalo magalimoto makumi awiri anayenera kunyamuka ku Wynyard, kudzera msewu wokhotakhota wa m'chigwa cha Hellyer Gorge, kukathera ku Waratah kumene malemuwo anabadwira. Anagwirizana kuti Monaro ndiyo idzatsogole. Kuti adzaiyendetse anasankha Shanae, mwana mmodzi yekhayo wa malemuwo, wazaka khumi ndi zisanu ndi zitatu.

Panalinso chinthu china chimene chinamusowetsa tulo mtsikanayu. Amayi ake, a Leanne, chiikireni maliro anali asanatulukepo kunja kwa geti. Ankangokhala m'nyumba makatani ali otseka, tiyi n'kumazizira m'kapu. Koma atamva za ulendowu anati adzakwera nawo.

2. Zimene Kade anapeza

Madzulo a tsiku lomwelo kunabwera Kade Radford, mnzake amene anaphunzira naye limodzi. Kade anali mnyamata wa pakamwa posatseka, wokonda magalimoto kuposa chakudya. Analowa m'galaja akudontha madzi, foni ili kale m'manja.

"Aise, vuto lako latha," anatero. "Msuweni wanga wa ku Somerset akugulitsa awa. Taona wekha."

Pa chithunzipo panali malimu anayi asiliva, otambalala, onyezimira ngati kalilole. Matayala ake anali atsopano. Shanae anawayang'ana, n'kuyang'ana Monaro, n'kuwayang'ananso. Bambo ake anali atamata chithunzi cha malimu ofanana ndi amenewo pakhoma la galajalo, pamwamba pa bokosi la masipanala.

Shanae anafunsa kuti malimuwo anachokera pa galimoto yanji. Kade anati anali pa Commodore, koma zimenezo zisamudetse nkhawa. Zonsezo ndi galimoto za kampani imodzi ya Holden, mabowo ndi asanu uku ndi uku, ndipo anyamata ambiri amachita zimenezi tsiku ndi tsiku. Anawonjeza kuti pali munthu wina amene akuwafunanso, choncho akachedwa awapeza atapita.

Shanae sanachedwe. Pofika Lachiwiri masana malimu aja anali atatsamira khoma la galaja.

3. Mawu a azakhali

Lachiwiri lomwelo, chakumadzulo, kunafika azakhali ake, a Noelene, mlongo wamkulu wa malemu bambo ake. Iwo ankakhala ku Burnie, kumene anagwira ntchito zaka makumi atatu pa shopu ya matayala kufikira mawondo atawakana. M'dera lonselo munthu akafuna kudziwa ngati gudumu lili bwino, ankangomuuza kuti akafunse Noelene.

Kumbuyo kwa kalole kawo kunali malimu anayi akuda, achitsulo wamba, opanda chokongola chilichonse. Anati anawasunga kalekale, ndi a galimoto ya mtundu womwewu, ndipo matayala ake anangowaveka sabata yatha. Akulankhula choncho maso awo anagwera pa asiliva aja.

Anapita pang'onopang'ono, n'kugoneka limu limodzi pansi. Anatulutsa kachitsulo koyezera m'thumba la jekete, anayeza kuchokera pa bowo lina kufika pa linzake, n'kupukusa mutu. Kenaka anakhala pa chitini cha penti, natambasula mwendo wopwetekawo.

"Khala apa, mwanawe," anatero. "Umvetsetse, chifukwa nkhani iyi si ya kukongola. Gudumu lililonse la galimoto iyi limagwidwa ndi mabawuti asanu. Mabawutiwo anakhala mozungulira, ndipo kutalikirana kwake kunayezedwa kalekale. Malimu wagulawa nawo ali ndi mabowo asanu, inde, koma bwalo lake ndi locheperako. Kuchepa kwake n'kosakwana milimita imodzi, ngati kukhuthala kwa chikhadabo chako. Msampha wake uli pamenepo. Akanakhala osiyana kwambiri, bwenzi limu likukana kulowa, iwe n'kulisiya. Koma ili limalowa. Umamanga manati, umagwedeza gudumu, umaona ngati zonse zili bwino. Chonsecho nati iliyonse ikukokera bawuti yake m'kati, kuipinda pang'ono."

Anatola kawaya pansi, n'kuyamba kukapinda uku ndi uku akulankhula.

"Ukayamba kuyenda, gudumu likazungulira, bawuti ija imalemedwa uku, kenaka uku. Pa ulendo umodzi zimachitika kambirimbiri. Tayang'ananso bowo lapakatili. Ndi lalikulu kuposa pamene liyenera kukhala, ndiye kuti limu silitsamira paliponse, lingolendewera pa mabawuti okhaokha. Ndipo mabawuti amenewa ndi a zaka makumi asanu, anabadwa amayi ako ali m'manja. Uwapinde, uwasenzetse matayala otambalala chonchi, kenaka uwatengere ku makona a ku Hellyer mvula ikugwa. Ukuganiza kuti atani?"

Kawaya kaja kanaduka. A Noelene anakataya pansi.

Shanae anayankha motsitsa mawu kuti Kade akuti anthu ambiri amachita zimenezi ndipo palibe chimene chimawachitikira.

"Ambiri amachitadi," anatero azakhaliwo. "Ena amayenda chaka chathunthu osaona kanthu, ndipo ndi amenewo amene amalankhula pa mafoni anuwo. Amene zinawavuta salankhula. Ine ndinaonapo mnyamata wina, ndisamutchule dzina, amene ndinamukaniza monga ndikukukanizira iwe lero. Anapita kukamanga kwina. Gudumu linachoka ali pa liwiro, linadumpha mpanda n'kukaswa khonde la nyumba ya munthu, pamene mwana ankasewera mphindi zochepa m'mbuyomo. Mnyamatayo lero amayenda ndi ndodo. Sindikukuopseza ayi, ndikungokuuza zimene maso angawa anaona."

Anapitiriza kuti ngati akufuna onyezimira, alipo opangidwira galimoto ya mtundu umenewu, oyezedwa bwino mabowo, bowo lapakati ndi kuya kwake komwe. Angathe kuwaitanitsa ku Melbourne, ndipo angafike pa sitima ya pamadzi pakatha masabata atatu. Pakadali pano akudawo agwire ntchito.

"Koma ulendo ndi Lamlungu lino, azakhali. Anthu onse adzakhala akujambula."

"Adzajambule. Mlongo wanga anaidikira galimoto iyi zaka makumi atatu, iwe masabata atatu akukanike? Glenn sakanakwera galimoto ya magudumu okayikitsa ngakhale ukanamulipira. Asilivawa ubweze kumene unawatenga. Akudawa umange ndi dzanja, ndi sipanala yoyezera ija ya bambo ako, nati iyi kenaka ya kutsidya kwake. Chimfuti cha mphepo chomangira manati usachiyandikize. Wandimva?"

"Ndamva, azakhali."

A Noelene anaimirira movutikira. Anati Lachinayi akwera kupita ku Waratah kukakonza holo ndi chakudya cha anthu, choncho akaonana komweko. Asanatuluke anaima kanthawi, dzanja lili pa denga la Monaro.

4. Nsapato zakuda

Lachitatu Shanae anachita monga anauzidwira. Anakweza galimoto ndi jeke, anachotsa malimu adzimbiri aja, n'kumanga akuda. Manati onse analowa mofewa ndi zala zokha. Atamaliza anabwerera m'mbuyo kuti aione bwino.

Galimoto inaoneka ngati munthu wovala suti yabwino ndi nsapato za kudimba. Anaijambula n'kutumiza chithunzicho kwa Kade. Sipanapite nthawi, Kade anatulukira.

"Ayi aise, usatichititse manyazi," anatero akuseka. "Zoona Monaro ngati iyi uiveke zimenezi? Ikuoneka ngati galimoto yonyamula maliro."

Mawuwo atangotuluka, Kade anazindikira chimene wanena. Anasiya kuseka, napepesa kawiri konse. Shanae anati palibe kanthu, koma anatembenukira kukhoma n'kuyamba kulongedza masipanala amene anali olongedza kale.

Pofuna kukonza zimene anawononga, Kade analankhula kwambiri. Anati azakhali a Shanae ndi munthu wabwino koma ndi wakale, amaopa chilichonse. Anati msuweni wake ali ndi mnzake amene wayenda ndi malimu otere mpaka ku Hobart n'kubwerako. Anati ulendowu ndi wa tsiku limodzi lokha, makilomita osakwana zana, ndipo Lolemba angathe kuwachotsa n'kubwezerapo akudawo. Pomaliza analoza chithunzi chija cha pakhoma n'kunena kuti mwini galimoto ankafuna zotere.

Shanae anayang'ana chithunzicho nthawi yaitali.

"Ubwere mawa masana," anatero. "Azakhali adzakhala atapita."

Lachinayi anagwira ntchitoyo awiriwiri. Malimu asiliva analowadi, monga ananenera a Noelene. Koma Shanae anaona kuti manati sakukhala pakatikati pa mabowo. Iliyonse inkayamba kugunda mbali imodzi, ndipo pa gudumu lakutsogolo kumanzere, nati yachisanu inakana kupitirira ndi dzanja. Anamuonetsa Kade. Iye anati ndi dzimbiri chabe, n'kupita kukatenga chimfuti cha mphepo m'galimoto yake.

"Azakhali anati chimenecho ayi."

"Azakhali ali ku Waratah. Tasuntha."

Chimfuticho chinalira, nati ija inalowa. Kade anazungulira magudumu onse anayi akumanga mpaka chitsulo kulira. Malimu akuda aja anawaunjika pakona n'kuwafunditsa lona.

Loweruka anaiyesa m'tauni. Anthu ankatembenuka, ena kukweza chala chachikulu. Pa msewu waukulu chiwongolero chinkanjenjemera pang'ono m'manja mwa Shanae. Kade anati matayala atsopano amatero, zisiya zokha.

5. Lamlungu m'mawa

Kunacha kuli chifunga ndi mvula yowaza. Shanae anatulutsa galimoto, n'kuisiya ikulira pabwalo kuti injini itenthe.

A Leanne anatuluka atavala jekete lachikopa la malemu amuna awo, lalikulu mpaka kubisa manja. Anali ataonda. Anatsika masitepe atagwira chitsulo, ngati munthu amene wangotuluka m'chipatala. Atafika pa galimoto anaima.

"Nanga akuda aja anabweretsa alamu ali kuti? Ndinawaona pawindo akutsitsa."

Shanae anawerama ngati akupukuta galasi.

"Sanakwane bwino, amayi. Tinapeza awa."

"Azakhali ako awaona? Bambo ako pa nkhani ya magudumu sankakhulupirira munthu wina aliyense. Ngati sanawaone, ine ndibwerere m'nyumba."

Pamenepo panali pabwino ponena zoona. Nthawi inalipo, ndipo kusintha magudumu anayi sikukanatha ola limodzi. Koma amayi ake anali atafika pa geti koyamba m'miyezi itatu, ndipo Shanae anaopa kuti akalowanso m'nyumba sadzatulukanso.

"Anawaona Lachiwiri," anatero. "Anawayeza okha. Akuti ali bwino."

"Basi, ngati a Noelene avomera." A Leanne anatsegula chitseko n'kukhala pampando wakumanzere.

Magalimoto anasonkhana pafupi ndi doko. Mkulu wa gululo, a Merv Chilcott, bambo wa ndevu zoyera amene anali mnzawo wa a Glenn kuyambira ali anyamata, anawakumbatira a Leanne. Kenaka anazungulira Monaro, n'kugwada pafupi ndi gudumu lakutsogolo. Anafunsa ngati malimuwo ndi oyeneradi galimoto imeneyi, chifukwa iwo akuwakayikira.

Bodza lachiwiri linatuluka mosavuta kuposa loyamba. Shanae anati azakhali ake anawayeza.

A Merv anaimirira n'kusasa mawondo. "Ngati zadutsa m'manja mwa Noelene, ine ndilibe mawu. Titsogolere, mwana wa Glenn."

6. Ku Hellyer

Ananyamuka nthawi ya teni koloko, nyali zili zoyatsa. Kade anali kumapeto kwenikweni kwa mzerewo ndi galimoto yake.

Atadutsa Yolla, a Leanne anatsitsa galasi pang'ono kuti mphepo iwawombe. Anayamba kukamba za tsiku loyamba limene a Glenn anawatenga pa galimoto yomweyi. Nthawi imeneyo pansi pake panali pobooka, moti ankaona msewu ukudutsa pakati pa mapazi awo, ndipo mvula itagwa anafika kovina siketi ili matope okhaokha. Anaseka. Shanae anali asanamve kuseka kumeneko chiyambire March.

Msewu unalowa m'nkhalango n'kuyamba kutsetsereka. Mitengo italiitali inatseka kumwamba, phula linali lonyowa, makona akutsatana. Pa kona yachitatu panamveka kaphokoso kutsogolo kumanzere, ngati munthu wagogoda chitsulo kamodzi.

"Chimenecho n'chiyani?" anafunsa a Leanne.

"Mwala, amayi."

Chiwongolero chinayamba kugwedera kwambiri. Patsogolo pang'ono panali malo otambalala pamene galimoto ikanatha kuima. Shanae anawaona. Anayang'ana pagalasi n'kuona nyali za magalimoto onse aja zikumutsatira, a Merv ali pambuyo pake penipeni. Akaima, a Merv agwadanso pa gudumu lija, ndipo amayi ake amva zonse. Anachepetsa liwiro pang'ono n'kupitirira malo aja.

Phokoso linamvekanso, kawiri motsatana. Pa kona yotsatira, yokhotera kumanja, galimoto inagwa mphuno mbali ya kumanzere. Shanae anaona gudumu lasiliva likuthamanga lokha patsogolo pawo, n'kudumphira m'tchire. Chitsulo chinakwekwereza pa phula, moto uli thethethe. Anaponda mabuleki, anapotoza chiwongolero, koma galimoto sinamumvere. Inatsetsereka cham'mbali n'kukawomba mtengo ndi chitseko cha amayi ake.

Kenaka kunangoti zii, kupatula madzi odontha kuchokera m'masamba.

Shanae anali atang'ambika pamphumi pokha. Amayi ake anali maso, koma chitseko chinali chitapindikira m'kati n'kuwapana mwendo ndi chiuno. Sankakuwa. Ankangopuma mofulumira, nkhope ili mbuu, akufunsa mobwerezabwereza ngati mwana wawo ali bwino.

M'chigwamo mafoni sagwira. Bambo wina anathamangitsa galimoto kubwerera kumtunda kuti akaimbe. Ena anafunditsa a Leanne majekete, ena anaima m'makona kuimitsa magalimoto. Panatha ola ndi theka kuti ozimitsa moto afike n'kudula chitsekocho. Nthawi yonseyo Shanae anagwira dzanja la amayi ake kudzera pawindo losweka, mvula ikumukhathamiritsa.

A Merv anayenda m'mphepete mwa msewu atawerama, akutola tizitsulo n'kumaika m'thumba.

7. M'khonde la chipatala

Anafika ku chipatala cha ku Burnie cha m'ma thili koloko masana. Madokotala anati fupa la ntchafu lathyoka pawiri, chiuno chasweka, ndipo ayenera kuchita opaleshoni nthawi yomweyo. Za kuyenda anati adzakamba pambuyo pake.

A Noelene anafika kuchokera ku Waratah asanavule n'komwe epuloni imene ankawotchera masoseji. Anapeza anamwino akukankha bedi la a Leanne kulowera ku chipinda cha opaleshoni. Anathamangira pambali pake, mawondo akuwaletsa, n'kuwagwira dzanja.

A Leanne anatsegula maso. Mankhwala anali atayamba kuwagwira, koma mawu awo anamveka bwino.

"Alamu, inu munawayeza malimu aja. Munalola bwanji kuti mwana wanga akwere zimenezija?"

A Noelene anaweramuka. Anatembenuka n'kuyang'ana Shanae, amene anaima potero ndi bandeji pamphumi. Mtsikanayo anayang'ana pansi.

"Pitani kaye akakuthandizeni, mlamu," anatero a Noelene. "Tikamba mukadzuka."

A Leanne anachotsa dzanja lawo. Zitseko zinatsekeka.

M'khondemo munali anthu angapo a m'gulu lija. Palibe amene anapereka moni kwa a Noelene. A Merv anabwera, anatulutsa tizitsulo tija m'thumba n'kuwaika m'dzanja mwawo. Tinali tizidutswa ta mabawuti, tina tikadali ndi manati ake.

"Zaka zonsezi, Noelene," anatero. "Sindinkayembekeza kuti iweyo ungalole zotere pa galimoto ya mlongo wako." Ananenanso kuti wapolisi wawafunsa kale, ndipo amuuza zimene anamva. Atatero anakaima chapatali m'khonde lomwelo.

A Noelene anakhala pa benchi, n'kuuza Shanae kuti akhale pambali pawo. Anamuonetsa poduka pa bawuti imodzi. Mbali ina panali posalala ndi pakuda, kusonyeza kuti mng'alu unayamba pang'onopang'ono. Mbali inayo panali poyera, pamene inathyokera komaliza.

Shanae anayamba kulira. Anafuna kulankhula koma azakhali akewo anakweza dzanja.

"Kulira ulira, nthawi yake ikhalapo yambiri. Pano mvera. Galimoto yapita, ndipo ndilibe nayo mawu, ndi chitsulo. Kusamva kwako ndikanakukhululukira lero lomwe, chifukwa nanenso ndinakhalapo mwana. Koma iwe unatenga dzina langa n'kulisandutsa kiyi wotsegulira chitseko kuti amayi ako akwere. Merv anaona vutolo ndi maso ake, anafuna kukupulumutsa, iwe n'kumutseka pakamwa ndi dzina langa lomwelo. Dzina limeneli ndalisamala zaka makumi atatu. Ndilibe nyumba yaikulu, ndilibe mwana, ndili ndi lokhalo."

Anapuma pang'ono, akuyang'ana zitseko zija.

"Pamaso pa amayi ako ndakhala chete chifukwa munthu sapita ku mpeni mtima uli wosweka kawiri. Atsala ndi iwe wekha. Akamva kwa ine, kapena kwa wapolisi, kuti unawanamiza, sindikudziwa ngati adzakukhulupirirenso. Akamva kwa iwe mwini, zidzawawawa, komabe adzadziwa kuti mwana wawo anaima n'kunena zoona pamene zinali zovuta. Kusiyana kwake n'kumeneko. Koma usaganize kuti ndikubisa mpaka kale. Boma likandifunsa, sindinama. Sindinayambe ndanamapo pa nkhani ya gudumu, ndipo sindiyamba lero."

Shanae anayang'ana kumapeto kwa khonde, kumene Kade anakhala chifikireni. Pampandopo panalibe munthu. Panangotsala kapu ya khofi yosamwa.

Nthawi yomweyo panatulukira wapolisi wamkazi, chipewa chili m'khwapa, kabuku m'manja. Anafunsa ngati iwo ndi mayi Noelene Viney. Anati wamva kuti ndi iwo amene anayeza ndi kuvomereza magudumu a galimoto ija, choncho akufuna ayambe ndi iwo, kenaka woyendetsa. Analoza kachipinda kena kumapeto kwa khondelo.

A Noelene anaika tizidutswa ta mabawuti tija pa miyendo ya Shanae. Anagwira m'mphepete mwa benchi n'kudzikoka mpaka kuimirira.

"Mawondo angawa sathamanga," anatero motsitsa mawu, osamuyang'ana. "Uli ndi nthawi yochokera pano kukafika pa chitseko icho kuti unene wekha zoona."

Anayamba kuyenda pambuyo pa wapolisiyo, akukoka mwendo wakumanja. Anadutsa chitseko choyamba. Anadutsa pamene panaima a Merv, amene anatembenukira kukhoma. Wapolisi anafika kale, anatsegula kachipindako n'kuima akudikira.

Shanae anali akadali pa benchi, zitsulo zozizira zija atazifumbata m'manja. Azakhali ake anatsala ndi mapazi asanu.